Mipata ya a Telala

Zaka khumi ndi ziwiri Mlembi anakhala akulemba sewero la pa wailesi, gawo limodzi sabata iliyonse, ndipo sanaphonyepo. Analemba ali ndi pakati, analemba malungo atamugwira, analemba ngakhale sabata imene denga la nyumba yake linasasuka ndi mphepo. Ndiye mukamva kuti Lachitatu linamupeza ali pa tebulo lomwe lija, cholembera chili m'kamwa, pepala lili mbee, musathamangire kunena kuti ndi ulesi. Mayi ameneyu ulesi sankaudziwa. Mutu ndi umene unaima.

Chinaimitsa mutuwo ndi ichi. Mu sewerolo munali a Telala, bambo wa pakamwa pokoma amene ankasoka zovala pakhonde la sitolo n'kumaweruza nkhani za aliyense wodutsa. Amene ankasewera a Telala anali bambo wachikulire, mphunzitsi wopuma pa ntchito, woti ngakhale ulusi m'singano sankatha kulowetsa. Koma dzinalo linawakanirira. Ku wailesi anali a Telala, m'basi anali a Telala, ngakhale ana awo omwe ankawatchula choncho akafuna kuwaseka. Masabata atatu m'mbuyomo bamboyu anagwa pa siteji ya basi akuchokera kojambula, ndipo pofika nawo ku chipatala n'kuti zitatha kale.

Magawo amene anajambuliratu anali atatha. Bwana wa mapulogalamu, amene onse ankamutchula Koloko chifukwa sankatha kukupatsa moni osayang'ana pa mkono, anali atalamula kale: Lachisanu ajambule gawo lochotsa a Telala m'sewero, Lamulungu masana liulutsidwe.

“Musavutike nazo, Alembi,” anatero Koloko. “A Telala apite kutali. Asiye kalata pansi pa makina osokera, mkazi wawo aipeze, awerenge. Mphindi khumi ndi zisanu, nyimbo, tatseka.”

Kalata chabe! Mlembi anali atalemba maukwati, milandu, moto wa mumsika, mapasa osinthanitsidwa ali akhanda. Kalata akanailemba madzi a tiyi asanawire. Chinaononga zinthu ndi mlendo amene anabwera Lolemba.

Mlendoyo anali mkazi wa malemuwo, mkazi weniweni, osati wa m'sewero. Anabwera kudzatenga jekete ndi magalasi owerengera zimene amuna awo anasiya mu situdiyo. Anali mayi wamfupi, wa imvi, wogwira chikwama ndi manja onse awiri. Anamupeza Mlembi pakhonde la ofesi.

“Ndinu mumawalembera zoyankhula?”

“Ndine, amayi.”

“Tsiku lija anatuluka ine ndili kuseri, ndikuyanika zovala. Anangokuwa kuti ndapita. Ine n'kuyankha kuti pobwera mugule sopo.” Mayiyo anayang'ana pansi. “Mawu athu omaliza ndi amenewo, mwana wanga. Sopo. Ndamva kuti Lamulungu muwachotsa m'sewero. Ndidzatchera khutu. Muwatsanzikitse bwino, ndimveko zimene akananena.”

“Musadandaule, amayi, ndilemba,” anayankha Mlembi msangamsanga, asanaufunse mutu wake. Pakamwa pamathamanga, abale.

Kuyambira tsiku limenelo dzanja linauma. Analemba kuti “Wokondedwa mkazi wanga,” n'kuima. Mkazi uti? Wa m'sewero uja, wolongolola, amene ankabisa sizasi a Telala akachedwa kubwera? Kapena wa chikwama uja? Nanga wolemba kalatayo ndani, telala kapena mphunzitsi? Akati aganize za telala, ankaona mphunzitsi ali thasa pa siteji ya basi. Akati aganize za mphunzitsi, ankapeza kuti sakumudziwa n'komwe. Zaka khumi ndi ziwiri akugwira nawo ntchito, koma sankadziwa ngakhale kuti m'tiyi amathira masupuni angati a shuga.

Anayesa ndithu. Kalata yoyamba inatuluka ngati ulaliki. Yachiwiri inakhala ngati chidziwitso chomata pa chitseko cha ofesi. Yachitatu ataiwerenga mokweza anamva mawu ake omwe, mmene amakalipira ana akasiya nsapato pakhomo. Anaikwinya n'kuiponya, ndipo inakagwera m'kapu ya mwamuna wake.

Mwamuna wakeyo, makaniko wa magalimoto, anavuula pepalalo ndi zala ziwiri.

“Mayi a ana, galimoto ikakana kulira sitikhala n'kumaiyang'ana. Timaikankha.”

“Ndiye bwerani mundikankhe.”

“Ayi, ine ndimakankha zokhala ndi matayala. Tulukani mukapitidwe mphepo. Mwina ndi mafuta sakufika.”

Mlembi anayamba wasintha cholembera. Anasintha mpando. Anasiya pepala n'kutsegula kompyuta, koma kamzere kosonyeza poyambira kulemba kankangomuphethira. Anakolopa nyumba yokolopa kale, n'kuchapa makatani oti sanade. Lachitatu masana ndi pamene anagonja n'kutsatira malangizo a makaniko. Anayenda mpaka ku msewu wa masitolo, kumene kunali telala weniweni, poganiza kuti akaima pafupi n'kutchera khutu mwina atolako kamawu. Telalayo anali ndi mapini m'kamwa, ndipo kwa ola lathunthu ananena mawu awiri okha, akuti “Kwezani mkono.” Pamapeto pake anamuona Mlembi n'kumukodola, ndipo Mlembi posowa chonena anapezeka watambasula manja, akumuyeza diresi imene sankaifuna. Pobwerera anakwera basi yolakwika.

M'basimo amayi awiri a mpando wa kutsogolo kwake ankakamba za imfa yomweyo.

“Ndiye ana atatu aja alera ndani? Wamng'ono uja sanayambe ndi sukulu yomwe.”

“Mkazi wake ndi wolimba, asoka yekha. Makina amawadziwa.”

Mlembi anatsegula pakamwa kuti awakonze, awauze kuti ana atatuwo ndi a m'sewero, kuti anawabereka ndi iye pa pepala, kuti ana enieni a malemuwo ndi akuluakulu a ndevu. Koma anatsekanso. Iye mwini akanafunsidwa kuti akulira ndani, telala kapena mphunzitsi, sakanayankha. Anatsika pa siteji yotsatira n'kuyenda wapansi.

Lachinayi analawirira ku wailesi. Anaganiza zowerenga magawo akale kuti mwina liwu la a Telala limulowenso m'khutu. M'chipinda chosungira mapepala munali kabati yachitsulo yochita kuimenya ndi bondo kuti itseguke, ndipo m'menemo munali mafayilo khumi ndi awiri, chaka chilichonse fayilo yake. Anali mapepala amene osewera ankagwira m'manja pojambula. Mlembi anakhala pansi penipeni n'kuyamba ndi fayilo yoyamba.

Chaka choyamba zoyankhula za a Telala zinali zolembedwa zonse, mizere italiitali. Koma pa mzere uliwonse panadutsa cholembera chofiira, paja mphunzitsi sapuma, amangosintha kalasi, ndipo m'mbali munali timawu tina ta dzanja lawo. Chaka chachiwiri mizere ija inafupika. Chaka chachitatu Mlembi anapeza izi:

MKAZI: Nanga dzulo munali kuti mpaka dzuwa kulowa?

TELALA: (ayankhe)

Chaka chachinayi ngakhale ka “ayankhe” kaja kanasowa. Panangotsala dzina, timadontho tiwiri, ndi mpata woyera.

Sikuti sankadziwa. Mipatayo ankaisiya ndi dzanja lake lomwe. Koma m'mutu mwake zinali za apa ndi apo, tsiku lotopa, sabata yotanganidwa. Anatsegula fayilo yachisanu, yachisanu ndi chitatu, mpaka yomaliza, akunyowetsa chala, thukuta likutsikira m'khosi. Zaka khumi osawalembera a Telala ngakhale liwu limodzi! Nanga mawu aja anthu ankabwereza m'mabasi, aja ankamuyamikira nawo pa maukwati iye n'kumangomwetulira, anali a ndani? Nanga iye Lolemba lililonse ankalemba chiyani? Manyazi anamugwira, mantha naonso, ndipo sanadziwe kuti ayambe kumva chiti.

Umo ndi mmene anamupezera mayi amene ankasewera mkazi wa telala. Ku wailesi ankamutchula Sizasi, chifukwa cha khalidwe lake lija la m'sewero.

“Alembi, pansi bwanji? Mwagwa?”

“Asisi, tandiuzani zoona. Sewero limeneli amalemba ndani?”

Sizasi anasuzumira fayiloyo n'kuseka. Kuseka kuja kunakhota pakati, ndipo anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

“Inu mwaiwala? Inu munkalemba mafunso. Ine ndinkafunsa. Iwo ankavula magalasi, kutikita mphuno, kuyang'ana kudenga, ife tili chiimire pa maikolofoni mpaka miyendo kuchita dzanzi. Kenako ndiye atulutse chinthu choti Koloko agwe pa mpando. Wovutika anali wa makina ojambulira mawu, Loweruka lililonse kudula kudikira konse kuja kuti pa wailesi zimveke ngati ayankha pompo.”

“Ndiye kuti ine ndakhala ndikudya thukuta la mwini.”

“Aaa, inunso! Bambo aja ukawasiya okha sankatha ngakhale kupempha madzi akumwa. Funso lanu ndi limene linkawatsegula pakamwa.”

Mlembi sanatonthozeke, koma dzanja linayamba kuyabwa. Anakhala pomwepo, fayilo ili pa maondo, n'kuyamba kulemba kuseri kwa pepala lakale. Kalata sinabwere. Anabwera ndi mafunso okhaokha.

Gawolo linkayamba patatha sabata a Telala ataikidwa m'manda. Mkazi wawo afika pakhonde la sitolo m'mawa atanyamula tiyi, mwa chizolowezi. Apeza mpando uli wokha, akhala pansi, ayamba kufunsa. Buluku la mwini sitolo mwalisiya mwendo umodzi, ndimuuze chiyani? Kiyi wa kabati munamuika pati? Mphaka wanu uja sakudya, munkamupatsa chiyani ine osaona? Munkadziwa kuti simubwera? Mwapita mutandikwiyira? Mafunso khumi ndi limodzi, ndipo pansi pa lililonse panali dzina la a Telala, timadontho tiwiri, ndi mpata.

Lachisanu m'mawa Koloko anawerenga ataimirira, n'kutembenuza pepala kuti aone ngati kuseri kuli zina.

“Kalata ili kuti?”

“Palibe, bwana.”

“Nanga umu muli mbee umu mukhala chiyani?”

“Mukhala chete. Funso lililonse, Sizasi awerenge mumtima mpaka makumi atatu, kenako afunse lina.”

“Makumi atatu!” Koloko anayang'ana pa mkono, milomo ikuwerengera. “Mphindi zisanu ndi theka zopanda kanthu! Alembi, wailesi siikhala chete. Ikangoti zii anthu amaimenya m'mbali, amati mabatire atha. Mwaganiza bwino koma?”

“Sindikudziwa, bwana. Ndi zokhazi zimene zabwera.”

Koloko anang'ung'udza, koma linali Lachisanu, ndipo pepala lina panalibe. Wa makina tsiku limenelo anali atatumidwa ku bwalo la mpira ndi zipangizo zoulutsira, ndiye Koloko anakhala yekha kuseri kwa galasi n'kumatobwanya mabatani. Sizasi anaima pa maikolofoni yake. Ya a Telala anaisiya pamalo pake, palibe analimba mtima kuichotsa. Anafunsa za buluku, n'kudikira. Anafunsa za kiyi, n'kudikira. Pofika pa mphaka, m'mipata muja munkamveka kupuma kwake kokha. Pomaliza, onse atatu analira. Anatuluka osatsanzikana bwino, aliyense njira yake, maso ali psuu.

Loweruka mtima wa Mlembi sunakhale pansi. Mayi aja anapempha mawu, iye akukawapatsa chete. Kodi walemba, kapena wangothawa kulemba n'kukuveka kuthawako malaya abwino? Anafunsa makaniko, makaniko anati iye za chete amazidziwa pa injini yokha, ndipo sizikhala nkhani yabwino. Mlembi anaganiza kuti chilichonse chichitike, koma asabisale. Akamvera limodzi ndi mayiwo, akakwiya amukwiyire pamaso.

Lamulungu masana anagogoda pa nyumba ya malemuwo. Pabalaza panali poyera bwino. Panali mipando iwiri yoyang'ana ku shelefu, pa shelefupo wailesi yophimba ndi kansalu koluka. Mpando umodzi unali wophwathalala pakati, ndipo pambali pake panali mulu wa nyuzipepala. Mlembi anatsala pang'ono kukhalapo, koma anazindikira msanga n'kukoka kampando ka pakona. Mayiyo anathira tiyi, anavundukula wailesi, n'kukhala manja ali pa maondo.

Nyimbo yotsegulira inalira. Kunamveka makapu, mapazi, mpando ukukokedwa. Sizasi anafunsa za buluku. Mlembi anatseka maso n'kuyamba kuwerenga mumtima, koma asanafike pa zitatu, Sizasi anali atafunsa kale za kiyi. Kenako za mphaka. Mafunso anagwa motsatizana ngati matalala pa malata, opanda popumira. Munkadziwa kuti simubwera mwapita mutandikwiyira. Mkazi wolira uja anasanduka mkazi wolalata. Gawo linatha nthawi isanakwane, ndipo nthawi yotsalayo anaidzaza ndi nyimbo yovina.

Mlembi anazindikira pomwepo. Wa makina! Loweruka anabwera monga mwa masiku onse, anatsegula kompyuta, anaona mizere yogona yosonyeza chete pakati pa mawu, n'kuchita zimene wakhala akuchita zaka khumi ndi ziwiri. Munthu uja amadula ndi maso, samvetsera. Ndipo palibe anamuuza. Koloko ankayesa Mlembi wasiya kakalata, Mlembi ankayesa Koloko ndiye bwana. Madzi akatayika saoleka.

Mayiyo anadzuka n'kuzimitsa wailesi.

“Atha?”

“Atha, amayi.”

“Nanga iwo sanayankhulemo?” Anakhalanso pansi, nkhope ili ndi mafunso. “Komanso mayi ameneyu akuthamangira kuti? Bambo aja sunkawafunsa ziwiri nthawi imodzi. Unkafunsa chimodzi, n'kupita kukatereka madzi, pobwera ndiye upeze yankho layamba kutuluka.”

Apa Mlembi analephera kudzigwira. Anaika kapu pansi, tiyi n'kutayikira m'sosala.

“Amayi, ndakulakwirani. Ndinalonjeza chinthu chimene sindingathe. Zimene akananena sindikuzidziwa, ndayesa sabata yonse, sizikubwera. Ine sindinkawalembera. Zaka khumi ndakhala ndikungosiya mpata pa pepala, iwo n'kumadzaza okha, za m'mutu mwawo. Gawo ili ndinawasiyiranso mipata yawo, koma ku ntchito aidula mosadziwa. Pepani, amayi. Pepani kwambiri.”

Mayiyo anamuyang'anitsitsa.

“Mwati chiyani, mwana wanga? Za m'mutu mwawo?”

“Eya, amayi.”

“Zonse?”

“Zonse.”

“Ngakhale zija anamuuza mkazi uja atadwala? Zakuti iwe ndiwe mfundo ya kumapeto kwa ulusi, popanda iwe ndikanangobaya nsalu ulusi n'kumadutsa?”

“Ine ndinangolemba funso lakuti, ndikafa mudzakwatira wina? Yankho linali lawo.”

Mayiyo anagwira pakamwa. Anatembenukira ku mpando wophwathalala uja.

“Inali sabata imene ine ndinatuluka m'chipatala. Tinamvera limodzi pompano. Iwo ali apo, nkhope m'nyuzipepala. Ndinawafunsa kuti bambo, mawu oterewa mumawadziwa? Anati ndi za m'pepala, amalemba ndi mayi wina wake ku ntchito.” Anaseka, misozi ikutsika. “Wabodza ameneyu! Mphunzitsi wathunthu, wabodza! Zaka zonsezi ine ndikukuchitirani nsanje inu, ndikumati mayi ameneyu mawu amawatenga kuti, oti mwamuna wanga sangandiuze m'nyumba mwanga. Chonsecho Lamulungu lililonse anali kundiuza, atabisala kuseri kwa nyuzipepala.”

Kenako analira, kulira kwenikweni kotulutsa mawu, chikhatho chikumenya pa bondo. Mlembi sanadziwe ngati wawapweteka mayiwo kapena wawachiza, ngati awagwire kapena atuluke. Anangokhala pa kampando kake, manja ali lende, mpaka kulira kunachepa.

Mayiyo anamina, anapinda kansalu ka m'manja, n'kuwongola msana.

“Pepala la leroli mwabwera nalo?”

“Lili m'chikwama, amayi.”

“Werengani inuyo. Osathamanga.”

Anakoka mpando wawo pang'ono kuti uyang'anizane ndi wa amuna awo. Mlembi anatulutsa pepala, anakonza pakhosi, n'kuwerenga funso loyamba, la buluku losiyidwa mwendo umodzi. Maso ake anatsikira okha ku funso lachiwiri, ndipo anali atakoka kale mpweya pamene dzanja la mayiyo linamugwira pa mkono, mwamphamvu.

“Dikirani, mwana wanga. Sanayankhe.”

Mlembi anatsitsa pepala pa maondo, ndipo anadikira.